Thovu Loyera Pamwala wa Kasupe

Ndikangomva fungo la nkhuni za paini zikupsa, makamaka zija zodzaza utomoni zimene zimathetheka ngati zikukangana, agogo anga aamuna, a Chisale, amabwera n'kundikhalira pafupi. Ndimawaona m'mawa wa mwezi wa Julaye, nkhungu itakuta phiri lonse moti mitengo inkangooneka nsonga, iwo atanjuta pakhomo pa msasa, atavala chijasi chawo chija chimene zigamba zinachuluka kuposa nsalu yake yeniyeni, akutafuna kanthambi ka gwafa mpaka kunsonga kwake kutafewa n'kusanduka timaulusi. M'kamwa mwawo munatsala mano atatu okha, awiri m'munsi, limodzi m'mwamba, koma ankawatsuka nthawi yaitali kuposa munthu wa mano onse. Ankapera khala, n'kusakaniza ndi kamchere pachikhatho, n'kumalitsuka dzino limodzilimodzi ngati akusambitsa khanda. Ndikawaseka ankati, "Seka, mkazi wanga. Anzawo onse anandithawa, awa okha ndi amene anakakamira, ndiye ndiwanyoze?" Ankanditchula choncho mwanthabwala, monga amachitira agogo aamuna kwa adzukulu awo, ndipo dzina langa lenileni, Velonika, ankalitchula pokhapokha zinthu zikavuta.

Lero ine ndine gogo, adzukulu ndili nawo anayi, ndipo pamudzi pathu amandinena kuti ndine wokayikira anthu. Sindikana. Munthu akandibwereka ndowa, pobweza ndimayamba ndainunkhiza. Mpongozi wanga akati watseka khola, ndimamuyankha kuti wachita bwino, kenako ndimapita kukagwedeza ndekha chitsekocho. Khalidweli sindinalitole panjira ayi. Amayi atakwatiwanso anapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, n'kundisiya m'manja mwa amayi aang'ono, ndipo m'nyumba imeneyo ndinali mwana wokumbukiridwa pomaliza. Sukulu ndinaisiyira panjira kuti ndizilera khanda lawo. Shuga akachepa m'chitini, ana awo ankangofunsidwa, koma ine ankandigwira chibwano n'kundinunkhiza m'kamwa, ndipo kaya apeze kanthu kaya asapeze, mthiko unkandipeza. Tsiku lina agogo anandiona khutu litatupa. Sanafunse chilichonse. M'mawa mwake anangofika pakhomo n'kuuza amayi aang'ono kuti miyendo yawo yayamba kufooka, akufuna mwana wothamangitsa anyani kuphiri. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Dimba la agogo la kachewere linali pamwamba, kufupi ndi malire a nkhalango ya paini, kutali moti ukanyamuka kumudzi tambala atangolira, unkafika dzuwa litapendeka. Nthawi yozizira, kachewere akangoyamba maluwa, eni madimba ankamanga misasa ya udzu n'kukhala komweko mpaka kukumba, chifukwa masana kunkavuta anyani, ndipo nguluwe zinkatha kupasula mizere khumi munthu asanadzuke. Chaka chimenecho misasa inalipo itatu. Unalipo wathu. Chapatali pang'ono unalipo wa a Kamwendo, bambo wamtali wa mawu aakulu, amene ankakhala ndi akazi awo ndi mwana wawo wamng'ono, Sitefano. Kumunsi kwenikweni kunali kamsasa ka a Luwiza, mayi wothawa nkhondo kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, amene anafika ndi khanda kumsana basi, n'kumagwira ganyu yothirira m'madimba mwa anthu kuti apeze chakudya. Sankayankhula zambiri. Akakumana ndi munthu ankapatuka n'kumusiyira njira yonse.

Tonsefe tinkamwa pakasupe mmodzi. Ankatuluka pansi pa chimwala chakuda chokutidwa ndi ndere, n'kupanga kadziwe kosaposa malichero awiri, madzi ake oyera moti unkaona timiyala tapansi tikugwedezeka pamene madziwo ankatumphukira. Ankazizira mpaka kuwawa m'mutu. Agogo ndi amene anayamba kulima kumeneko, ndiye mawu awo pa za kasupeyo ankamveka.

Tsiku loyamba, ndisanatule n'komwe katundu bwinobwino, anandigwira dzanja n'kupita nane pamenepo. Anandionetsa chikho chimene chinkapachikidwa panthambi, n'kundiuza kuti chimenecho chokha ndi chimene chimalowa m'madzi, ndipo sichifika pakamwa pa munthu. Ukatunga, madziwo unkapita nawo kutali, kudutsa dimba, mpaka pamtengo wa msuku umene unali mbali ina ya chitunda, kumene mvula ikagwa madzi ankatsetserekera kwina. Kusamba, kutsuka mbale, kutsuka mano, zonse zinkachitikira kumeneko. Madzi otsukira mapoto sankangokhuthulidwa pamodzi ayi. Unkayamba wawasefa pa kamtolo ka udzu kuti zakudya zotsalira zigwidwe, zimenezo n'kuzikwirira m'kadzenje, madziwo n'kuwawaza patalipatali ngati ukufesa mawere, kuti nthaka iwamwe msanga, fungo lisaitane nyerere ndi nyama. Ngakhale polavula panali kalavulidwe kake. Ankachukucha m'kamwa, n'kupemerera madziwo mmwamba kuti abalalike ngati mawawa, n'kukokerapo dothi ndi phazi, ndipo mawa lake ankaima pena.

"Kumudzi ukataya madzi oipa amathera pabwalo pako," anatero. "Kuno ukataya, amene ali kumunsi amamwa. Ndiye umve, Velonika. Woipitsa kasupeyu amatsika. Kaya ndi mlendo, kaya ndi mdzukulu wanga, amamanga katundu tsiku lomwelo."

Sankaopseza chabe. Aliyense ankadziwa kuti chaka china anatsitsa mphwawo weniweni chifukwa chosambitsa mapazi pakadziwepo. Ndipo kwa ine kutsika kunali kubwerera kwa amayi aang'ono.

Masabata amene anatsatira ndi amene ndimawawerenga kuti unali ubwana wanga. Ndinkadzuka udzu uli mbee ndi chisanu, n'kumaotha dzuwa pamwala, chitini ndi kamtengo zili m'manja, ndikuyang'ana kumalire a nkhalango kumene anyani ankatulukira mmodzimmodzi ngati anthu obwera kumaliro. Ndikamenya chitini, chimphongo chawo chinkandiyang'ana n'kuyasamula, agogo n'kufuula ali pamzere, "Akunyoza, mkazi wanga! Auze kuti mwamuna wako alipo!" Masana tinkakwirira kachewere m'phulusa, ndipo akapsa ankamugwedeza m'manja, n'kumuuzira, n'kuyamba kupatsa ine. Palibe amene ankandiwerengera zimene ndadya. Tsaya langa linayamba kudzaza, ndipo ndinayamba kuimba ndekha potunga madzi.

Kenako kunabwera anyamata asanu ophunzira za nkhalango, ndi matenti awo obiriwira, kudzayeza mitengo. Anagona masiku atatu chakumtunda kwathu. Agogo anawalandira bwino, koma anawayendetsa njira yomwe ija, kuchoka pachikho mpaka pamsuku, ndipo anyamatawo ankatsinana n'kumaseka, koma anamvera. Ine ndinkawasuzumira ndili m'tchire. Mmodzi wa iwo m'mawa uliwonse ankafinya kachubu, n'kupaka zoyera pamswachi wa kusitolo, ndipo pakamwa pake pankatuluka thovu ngati la sopo. Akamaliza ankamwetulira pakagalasi, mano ali waliwali. Ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero. Atachoka ndinapita pamene panali matenti, ndipo m'udzu ndinapeza kachubu kaja, kataphwatalala, katapindidwa mpaka kukhosi.

Mwana wina akanathamanga nako kukaonetsa agogo. Ine ndinali nditaphunzira kale kuti chabwino chilichonse chimene wapeza umachibisa, chifukwa chikaoneka amati waba. Ndinakang'amba ndi mpeni wa agogo, ndipo mkati munali motsalira mambiri ndithu, onunkhira, ozizira palilime ngati mphepo ya kuphiri komweko. Ndinakabisa pansi pa mwala kuseri kwa msasa.

Vuto linali pokatsukira. Pamsuku paja panali poonekera, agogo akangoweramuka pamzere ankakuona. Malo obisika anali amodzi okha, kuseri kwa chimwala cha kasupe. Ndinadziuza kuti sindilavulira m'madzi, ndizilavulira pamwala, ndiye palibe lamulo limene ndaphwanya. M'mawa uliwonse popita kotunga ndinkanjuta pamenepo, n'kupaka pakanthambi kanga ka gwafa, n'kutsuka mpaka thovu litafika pachibwano. Ndinkachukucha ndi chikho chomwe chija choletsedwa, n'kuviika kanthambiko m'kadziwe kuti kayere. Ndinachita zimenezi masiku anayi. Sindinaganize kuti mwala wakuda umasunga zoyera, kapena kuti malovu amatsetsereka.

Tsiku lachisanu, dzuwa litangotuluka, tinamva akazi a Kamwendo akukuwa chakukasupe. Mwana wawo Sitefano anali atatsegula m'mimba masiku awiri, maso atalowa, ndipo iwo anali asanagone. Tinathamanga. Tinawapeza ataima, dzanja lili pakamwa, lina likuloza pamwala. Pandere yobiriwira paja panali mizere yoyera itauma, itatsetsereka mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo pakona pa kadziwe pankayandama tithovu tochepa tokana kuphwa.

A Kamwendo anagwada, n'kukanda ndi kamtengo, n'kununkhiza, n'kubweza mutu msanga. "Ichi si chinthu cha kuno," anatero. "Ufa si ufa, phulusa si phulusa. A Chisale, tanunkhizani. Wina watithirira mankhwala."

"Ndinanena ine!" akazi awo analira. "Mwana wanga anali bwinobwino, akusewera. Ndinanena kuti anthu osadziwika kwawo tisamamwe nawo pamodzi!"

Pa nthawi yomweyo a Luwiza anatulukira ndi ndowa yawo, khanda lili kumsana. Ataona anthu anafuna kubwerera, koma a Kamwendo anawaitana. "Mayi iwe, tabwera kuno. Ichi n'chiyani?"

A Luwiza anayandikira pang'onopang'ono, n'kuwerama, n'kununkhiza. Nkhope yawo inamasuka. "Bambo, izi si zoopsa ayi," anatero motsitsa. "Ndi zotsukira mano, za m'sitolo. Kwathu amuna anga ankagula."

"Mwamva?" a Kamwendo anatembenukira kwa agogo. "Tonse pano sitikuchidziwa, iye yekha akuchidziwa ndi fungo lomwe. Kuphiri kuno kuli sitolo? Zotsukira mano zikwera zokha phiri?" Anatola ndowa ya a Luwiza n'kuiponya kutsetse, ndipo inagubuduka ikulira mpaka m'tchire. "Dzuwa lisanafike pamutu ukhale utachoka. Ndikakupeza, kamsasa kako ndikayatsa. Ndipo mwana wangayu akapanda kudzuka, ndikulondola kulikonse kumene upite."

A Luwiza sanalire, sanatsutse. Anangolimbitsa nsalu ya mwana pachifuwa, monga munthu amene mawu otero si koyamba kuwamva.

Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa agogo, milomo nditaitseka kolimba, ndikupumira m'mphuno, chifukwa m'mawa umenewo ndisanamve kukuwa ndinali nditanyambitako pang'ono kuseri kwa msasa. Ndinkadziwa kuti mawu awiri okha akanawapulumutsa mayiwo. Ndinkadziwanso kuti mawu awiri omwewo akananditsitsa phiri tsiku lomwelo. Ndikanama ndikati ndinalimbana nazo mumtima nthawi yaitali. Sindinalimbane nazo. Ndinasankha kukhala chete, ndipo ndinayang'ana pansi kudikira kuti a Luwiza azipita.

Agogo ananunkhiza kamtengo kaja nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, n'kuwerama ngati akufuna kundikonzera bulangete limene ndinafunda, nkhope yawo n'kufika pafupi ndi yanga. Sanandigwire chibwano. Anangopuma kamodzi, n'kuweramuka, mawondo akulira.

"A Kamwendo, musiyeni mayiyu," anatero. "Zinthuzi ndi zanga."

"Zanu bwanji?"

"Zanga. Anandisiyira anyamata a matenti aja. Velonika, thamanga ukanditengere mankhwala anga a mano aja. Ukudziwa pamene ndimabisa."

Anandiyang'ana m'maso mosaphethira. Miyendo yanga inayenda yokha. Ndinakavundukula mwala uja, n'kubwera nako kachubuko, n'kuwapatsira ndi manja awiri. Iwo anakalandira ngati chinthu chimene akhala nacho chaka chonse. Anakanda ndi chala zimene zinatsala, zambiri kuposa zofunika, n'kupaka pamano awo atatu aja ndi m'nkhama monse, n'kuyamba kupukuta ndi kanthambi kawo. Inali nthawi yoyamba m'moyo wawo kulawa zinthu zimenezo. Zinawawotcha. Misozi inatuluka, mphuno inayamba kuchucha, thovu linatsikira m'ndevu, koma anapitiriza, kwinaku akugwedeza mutu ngati akumva kukoma. Atamaliza anayenda kutali ndithu, n'kukalavulira pamwala wina wakuda.

"Tabwerani mufananitse," anaitana.

A Kamwendo anapita, anayang'ana, n'kununkhiza. Akazi awo ndi amene anayamba kufunsa, mawu akadali ndi misozi. "Koma a Chisale, mano ake ati?"

"Awa amene," anatero agogo, n'kuyasamula kuti onse aone. "Ndimati potsika kumudzi akhale akuwala. Ndakhala ndekha zaka zambiri, mwina mayi wina n'kundiganizirako. Ndimachita manyazi kutsukira pamsuku, mdzukuluyu amandiseka, ndiye ndimabisala kuno. Ukalamba, amayi. Ndalakwa."

Mayiwo anayesa kudzigwira, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno. A Kamwendo anagwira m'chiuno. "Inu? Mwini wake wa lamulo? Munatsitsa mphwanu chifukwa cha mapazi, inu n'kumalavulira pomwepo kuti mukakope akazi?"

"Ineyo."

"Ndiye mutsika?"

"Ndiyambe ndamutsuka kasupeyu. Ndikatha, mukanena kuti nditsike, nditsika. Koma ndowa ya mayiyu mukatole ndinu, chifukwa mwaponya ndinu. Ndipo mwanayo musamadikire kuti adzuke yekha, mum'bereke lero mupite naye kuchipatala ku Boma."

A Kamwendo anang'ung'udza, koma ndowa anakatola. Za kutsika sanazitchulenso, paja misampha ya nguluwe yonse ankatchera ndi agogo. Chimene anachita n'kuwapatsa dzina. Kuyambira tsiku limenelo anali a Chithovu, ndipo dzinalo linatsika phiri iwo asanatsike, linafika kumudzi, kutchalitchi, kumsika, moti munthu amene kale akayankhula anthu ankakhala chete anayamba kulandiridwa ndi phwete. Analisenza mpaka kumanda, osadandaulapo.

Tsiku lonselo tinakapa kasupe, awiriwiri, ine ndi agogo. Ankatunga ndi ndowa, ine n'kusenza mpaka pamsuku, n'kuwaza, n'kubwerera. Tinapala ndere yonse ya pamwala, n'kukwecha ndi mchenga ndi udzu, ndipo zokwechazo tinakazikwirira kutali. Chikho chija anachiphwanya, n'kupachika chawo chatsopano chimene ankasungira kumwera thobwa. Madzi ankabwerera, ife n'kukapanso, katatu konse. Agogo anaima m'madzi ozizirawo mpaka miyendo inachita dzanzi, milomo inada, ndipo potuluka anachita kukwawa. Nthawi yonseyo sanandifunse kanthu. Ankangoti, "Landira," ine n'kulandira. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa kumenyedwa ndinkakudziwa mathero ake.

Dzuwa litapendeka tinakhala pamwala, tikuyang'ana kadziwe kakudzazanso, matope akukhazikika, timiyala tapansi tikuyamba kuoneka. Ankadzisisita mawondo. Ndinayesa kumeza mawuwo koma anakana.

"Agogo, ndinali ine."

"Ndikudziwa, Velonika."

"Ndiye Sitefano ndamudwalitsa ndine?"

"Kaya. Ine si dokotala. Mwina ndi zina. Koma madzi akumwa anthu salavuliramo, kaya adwale kaya asadwale."

Kenako ndinafunsa chimene chinkandidya kuyambira m'mawa. "Ndikamange katundu?"

Anayang'ana kumunsi, kumene mudzi wathu unkaoneka ngati timiyala tomwazika, ndipo ndinaona kuti funsolo likuwapweteka kuposa mawondo. "Lamulo lija ndinaika ndine," anatero. "Sindinaliphwanyirepo munthu, ngakhale mphwanga weniweni. Lero ndanama pamaso pa anthu, ine wa zaka zonsezi, ndipo Loweruka ndiyenda ndi miyendo yomweyi mpaka kumishoni kukalapa. Tsopano ndikuphwanyanso lamulo langa. Ziwiri tsiku limodzi. Sutsika. Kwa amayi ako aang'ono sindikubwezako, ngakhale ukanalavulira m'mphika mwanga." Anapuma. "Koma pali munthu amene ndamuchotsera mlandu, sindinamuchotsere mantha. Ameneyo bodza langa silimukwanira. Upite wekha."

Ndinatsetsereka kanjira ka kumunsi ndikulira, theka chifukwa cha manyazi, theka chifukwa choti sinditsika. A Luwiza ndinawapeza atakhala panja pa kamsasa kawo akuyamwitsa. Pambali pawo panali kaphukusi komanga kale, poto mmodzi ali pamwamba. Sanakamasule ngakhale mlandu unali utatha m'mawa. Ndinagwada chapatali n'kunena zonse, kuyambira pamatenti mpaka pamene ndinatseka pakamwa iwo akuthamangitsidwa.

Anandimvetsera osandidula. "Ndinadziwa kuti si madala aja," anatero. "Munthu wozolowera sapaka zambiri choncho." Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinathawa mfuti, mwana iwe. Lero ndikanathawa malovu ako. Ndikanapita kuti?"

Anasuntha mwana kubere lina, n'kufunsa motsitsa, "Katsalako?"

Kachubu kaja kanali m'thumba la diresi langa, agogo anali atandibwezera kuti ndikakakwirire. Ndinawapatsa. Munalibe kanthu, fungo lokha. Anakaika pamphuno, n'kutseka maso, ndipo anakhala choncho mpaka ndinayamba kuchita mantha. "Ankanunkhira chonchi m'mawa akamapita kuntchito," anatero, osati kwa ine kwenikweni. Amuna awowo sanawoloke nawo malire, ndipo sindinafunse chifukwa chake. Anakakulunga kachubuko pakona ya nsalu, n'kundiuza kuti ndiwathandize kumasula phukusi, chifukwa manja awo anali ndi mwana.

Sitefano anachira, anabwera kuchokera ku Boma patatha masiku anayi akudya nzimbe. A Luwiza anakhala kuphiri mpaka tinakumba kachewere. Ine potsika sindinapitenso kwa amayi aang'ono. Agogo anandiyalira mphasa m'nyumba mwawo, n'kundibwezera kusukulu, ndipo ndinakhala nawo mpaka chaka chimene anatisiya. Pamaliro pawo anthu ankakambabe nkhani ya a Chithovu, kuseka kwinaku akupukuta misozi, ine ndili pomwepo, ndipo sindinawakonze. Agogo anali atandiletsa. Ankati dzinalo analigula modula, ndisawalande.

Dimba lija ndikulima ndine tsopano, ndipo sukulu ikatsekera nthawi yozizira ndimakwera ndi adzukulu anga kukagona kumsasa. Iwo amabwera ndi miswachi yamitundumitundu ndi machubu odzaza, ndipo ndimawayendetsa ndekha mpaka kuseri kwa chitunda, n'kuima pomwepo mpaka womaliza atalavula n'kukwirira. Amadandaula kuti, "Agogo, simutikhulupirira?" Ndimawayankha kuti ayi, chifukwa ndikudziwa zimene mwana wabwinobwino amachita akabisika kuseri kwa mwala.

Chaka chatha wamng'ono kwambiri, Tadala, anagwetsera sopo m'chitsime cha kumudzi posewera, madzi n'kuchita thovu, amayi a pamudzi n'kusonkhana akukalipa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinamuona ataima pakati pa anzake, milomo ataitseka kolimba, maso ali pansi. Ndinadzimva ndikunena kuti sopoyo wandipulumuka ine, manja ayamba kunjenjemera masiku ano. Anandikalipira mokwanira, ena mpaka lero amandibisira sopo ndikafika pachitsime. Tinakapa chitsimecho awiriwiri, ine ndi Tadala, osayankhulana, ndipo pa ndowa ya khumi ndi chiwiri anayamba kulira n'kunena yekha. Loweruka lake ndinapita kukalapa. Ansembe anandifunsa ngati ndikulonjeza kuti sindidzabwerezanso, ndipo ndinawauza kuti adzukulu ndili nawo anayi.